MOSHOESHOE, MFUMU YA PA PHIRI LA THABA BOSIU

Owerenga athu ambiri adamva kwa akuru za masiku aja anthu a dziko lino anasiya minda yao m'zigwa, namanga malinga, kapena kukwera kumapiri, monga anacita anthu a Mazengera pa phiri la Nkhoma. Nkhondo zimenezo sizinabadwire kuno. Gwero lace linali kutali kumwera, m'zaka za Shaka mfumu ya Azulu, pamene mtundu wina unagwera unzace, ndipo wogweredwawo, pothawa ndi njala, unagweranso wina. Akale anasenzetsa Shaka yekha mlandu wonse, koma ofunafuna mbiri aona tsopano kuti cirala, kulimbirana msipu, ndi acifwamba a mfuti ndi akavalo ocokera ku malire a Cape anasonkhezera moto womwewo. Moto umenewo ndiwo unaolotsa Zwangendaba ndi Angoni ace pa Zambezi m'caka ca 1835, tsiku lija dzuwa linada usana. Ndiwonso unapitikitsa Sebetwane ndi Amagololo, amene ena a iwo anatsata Livingstone pambuyo pace, nakhala mafumu ku Shire. Mwezi uno tifuna kusimba za munthu wina amene anakhala pakati peni peni pa motowo, osathawira kutali, nasonkhanitsa otsala a mitundu yosweka, nawasandutsa mtundu umodzi. Dzina lace ndiye Moshoeshoe, ndipo pochula amati Moshweshwe.

Anabadwa ngati m'caka ca 1786 pa mudzi wa Menkhoaneng, m'dziko la mapiri limene lero lichedwa Lesotho. Atate wace Mokhachane anali nyakwawa cabe ya kapfuko kakang'ono kochedwa Bamokoteli, a ciwongo ca Bakoena, ndiko kunena anthu a ng'ona. Dzina lace la ubwana linali Lepoqo. Atabvinidwa anatsogolera anzace kukalanda ng'ombe za mfumu ina dzina lace Ramonaheng, ndipo podzitama pabwalo, monga acita anyamata a kumeneko, anadziyerekeza ndi lumo limene lameta ndebvu za mfumuyo. Dzina la Moshoeshoe litsanzira kulira kwa lumo pometa. Tisabise kuti mnyamatayo anali wamtima wapacala ndi wokhumba ukuru. Akuru a kwao asimba kuti anapha munthu pa mlandu wocepa, wa kukama ng'ombe yace osapempha. Gogo wace Peete, poona mtima wotere, anada nkhawa, namtenga kunka naye kwa nkhalamba ina yomveka m'dziko lonselo, ndiyo Mohlomi.

Mohlomi ameneyu ayenera kuti timdziwe, pakuti popanda iye nkhani yathu ikadakhala yina. Anali mfumu ndiponso sing'anga, mwini ng'ombe zambiri. Koma anamwaza gulu lace la nkhondo, nauza anyamata kuti alime mapira ndi kusamala mabanja ao. Iye mwini anayenda maulendo atali ndi ndodo m'dzanja, wopanda nthungo, nalowa m'midzi ya anthu a manenedwe ena, naciritsa odwala, nakhala pansi ndi mafumu odana kufikira mlandu wao utatha. Oombeza ula sanawakhulupirire. Asimba kuti tsiku lina anabisa cikopa cace, naitana oombeza kuti aloze wakuba; ndipo ataloza anthu osacimwa, iye anaturutsa cikopaco pamaso pa onse. Kwa munthu wotere Lepoqo anapempha mankhwala a ufumu, pakuti anayesa kuti mafumu akula ndi zitumwa ndi mphini. Nkhalambayo inamuuza kuti mankhwala otero kulibe, koma mankhwala a mudzi ndiwo mtima wa mwini mudzi. Inamlangiza kuti aweruze wolemera ndi wosauka ndi muyeso umodzi, athandize osowa, asaphe munthu pa mlandu wa ufiti, ndi kuti kupuntha mapira kuposa kunola nthungo. Mohlomi anamwalira ngati m'caka ca 1815, nkhondo zazikuru zisanafike. Mbeu imene anabzala inamera m'nyengo yoipa koposa.

M'caka ca 1820 Moshoeshoe anamanga mudzi wace wace pa Butha-Buthe. Posacedwa cisokonezo cija cinakwera mapiri, cimene Basotho acicha Lifaqane. Midzi inatenthedwa, nkhokwe zinatha, ng'ombe zinalandidwa ndi kulandidwanso, ndipo anthu analeka kulima, pakuti wolima sanadziwe ngati adzakolola. Batlokoa, anthu a mfumukazi Manthatisi ndi mwana wace Sekonyela, anazinga Butha-Buthe kufikira njala inalowa. Pamenepo, m'nyengo ya cisanu ya caka ca 1824, Moshoeshoe anaturutsa anthu ace, akazi ndi ana ndi nkhalamba ndi ziweto zotsala, nayenda nao kumwera pa njira za m'mapiri. Anafika madzulo pa phiri lina losalala pamwamba, la matanthwe ozungulira ngati linga, lokhala ndi akasupe ndi msipu pamwamba pace, ndi zipata zowerengeka zopapatiza. Analicha Thaba Bosiu, ndiko kunena Phiri la Usiku. Ndipo adani anayamba kuuzana kuti phirilo limakula usiku.

Pa ulendo umenewo panaoneka cinthu coopsa. Njala inali itasandutsa anthu ena zirombo, kotero kuti anakhala m'mapanga nasaka anthu anzao monga nyama. Gogo uja Peete, pokhala wokalamba, anatsalira m'mbuyo, ndipo anthu a Rakotsoane anamgwira, namupha, namudya. Zitapita zaka pang'ono inafika nthawi yakuti Letsie, mwana woyamba wa Moshoeshoe, abvinidwe. Mwambo wao unati mwana wa mfumu asabvinidwe manda a makolo asanayeretsedwe. Koma Peete analibe manda. Odya anthu aja anatengedwa kudza pabwalo, ndipo nduna ndi abale anafuna imfa yao. Ndani wa ife akadanena mwina? Koma mfumu inayankha kuti anthu amenewa ndiwo manda a Peete, ndi kuti mdzukulu sapasula manda a gogo wace. Inalamula kuti aphe ng'ombe, natenge cipwidza cace, cimene akadawaza pamanda, napake pa mimba za anthuwo. Itatero inawapatsa ng'ombe ndi malo olima, poti njala ndiyo inawacititsa conyansaco, ndipo munthu wokhala ndi mkaka ndi mapira sadzabwererako.

Ife tasinkhasinkha nkhani iyi nthawi zambiri, ndipo cimene citidabwitsa si cifundo cokha ai, koma nzeru yace. Mfumu ikadangoti yawakhululukira, abale a Peete akadacoka pabwalo ndi manyazi ndi mkwiyo, nayesa kuti mwazi wa kholo lao wapeputsidwa, ndipo tsiku lina wina akadabwezera m'tseri. Koma iye sanaphwanye mwambo. Anapeza khomo la cifundo m'kati mwa mwambo womwewo. Manda anayeretsedwa, mwana anabvinidwa, wakufa analemekezedwa, ndipo sanafe munthu wina. Mbiri ya ciweruzoco inamveka m'mapanga onse, ndipo ambiri amene akadaopa kuturuka anatsika, nagwiranso khasu. Zisanapite zaka zambiri kudya anthu kunatha m'dziko lace. Akuru a mpingo ndi anyakwawa amene aweruza mirandu ya abale odana adziwa okha kubvuta kwace kwa kuturutsa onse awiri pabwalo mitu iri cowerama pang'ono, koma wopanda wothyoka khosi.

Othawa nkhondo anayamba kufika pa Thaba Bosiu magulu magulu, manja ali zi. Ife tidziwa kuikiza mbuzi kapena ng'ombe kwa mbale. Basotho ali nao mwambo wofanana, auchula mafisa, ndipo Moshoeshoe anaukuza nauyesa mzati wa ufumu wace. Munthu wolandidwa zonse anapatsidwa ng'ombe za mfumu kuti aziwete; mkaka unali wace ndi wa ana ace, koma ng'ombezo zinakhalabe za mfumu. Mnyamata wosowa cuma ca ukwati, mfumu inamlipirira. Sitinena kuti zonsezi zinali ulere wopanda cingwe, pakuti wolandira ng'ombe anamangika kwa mwini ng'ombe, ndipo pomcokera akadabwerera ku umphawi. Koma cingwe ca mkaka cisiyana ndi goli la kapolo. Mafumu odza ndi anthu ao sanacotsedwe pa mipando yao: Moorosi analamulabe Baphuthi, Moletsane analamulabe Bataung, ndipo a manenedwe a Cizulu anasunga miyambo yao. Mirandu inaweruzidwa pa lekhotla, ndilo bwalo la mudzi. Ndipo nkhani zazikuru za dziko zinanka ku pitso, msonkhano wa amuna onse, kumene munthu wamba anatha kudzudzula mfumu pamaso pace osalipa mlandu. Anakwatiranso akazi ambirimbiri a mapfuko osiyana, kuti amene akadakhala adani asanduke apongozi ndi alamu. Ici cinamanga dziko masiku ace, koma cinabala kulimbirana kwa ana ndi adzukulu iye atapita.

Kwa amphamvu omposa sanacite manyazi kupereka mtulo. Kwa Shaka anatumiza nthenga za mbalame ndi zikopa za nyama. Koma cimene cikumbukika koposa ndi ca Andebele a Mzilikazi, amene anafika pa phirilo m'caka ca 1831. Anakwera pa zipata molimba mtima, ndipo Basotho anawagubuduzira miyala ndi kuwaponyera nthungo kufikira analephera, nayamba ulendo wobwerera. Ali m'njira, otopa ndi anjala, anaona mthenga ali kuwatsata ndi ng'ombe zonenepa. Uthenga wace unali wakuti mfumu iyesa kuti njala ndiyo inawatengera ku dziko lace, cifukwa cace alandire kamba wa panjira, napite ndi mtendere. Casalis, m'mishoni amene analemba nkhaniyi, ati Andebele sanabwerenso kudzamenyana naye. Taonani, ankhondo olephera amaopa kufika kwa mbuye wao cimanjamanja, ndipo manyazi ao ndiwo abala nkhondo yaciwiri. Moshoeshoe anawapatsa kanthu kakuti aonetse kwao.

Wina angayese kuti tiri kusimba za munthu wosagwira nthungo konse. Si tero. Anagula akavalo ndi mfuti, naphunzitsa anthu ace kukwera, nagonjetsa acifwamba a Korana amene anasautsa dzikolo. Anatsogolera nkhondo zolanda ng'ombe kwa Abathembu kutsidya kwa mapiri, ndipo zina za ng'ombe zimene anaikiza kwa amphawi ace zinali zolanda kwa amphawi a eni. Sekonyela anampirira zaka zambiri, koma m'caka ca 1853 anampasulira linga lace. Batlokoa ambiri otsala anawalandira nakhala anthu ace. Anali mfumu ya nthawi yace, ndi zodetsa za nthawi yace. Cosiyana naco ndi ici, kuti nkhondo anaiyesa cotsiriza, ndipo atapambana anafulumira kufuna ciyanjano.

Mlenje wina wa Cigriqua, dzina lace Adam Krotz, anamuuza kuti kumene kukhala aphunzitsi a Mau a Mulungu nkhondo icepa. Mfumu inatumiza ng'ombe kuti akampezere mphunzitsi wotere, ndipo ng'ombezo zinabedwa panjira. Koma pempho linamveka. M'mwezi wa June 1833 anafika Afalansa atatu a mishoni ya ku Paris, Eugène Casalis, Thomas Arbousset ndi Constant Gosselin. Anawapatsa malo amene anachedwa Morija, natumiza ana ace Letsie ndi Molapo kukakhala pafupi nao. Pambuyo pace Casalis anamanga patsinde pa Thaba Bosiu, nakhala bwenzi lace ndi mlembi wa makalata ace zaka zambiri. Mfumu inatsika phiri tsiku la Sabata kudzamva Mau, ndipo ena a ana ace ndi akazi ace anabatizidwa, iyo osawaletsa. Koma mwini wace anakhala pakhomo osalowa, pakuti anaona kuti mitala ndi cinamwali ndi cuma ca ukwati, zimene amishoni anatsutsa, ndizo nsinga zogwira mtundu wace. M'caka ca 1862 analandiranso ansembe a Ciroma, nawapatsa cigwa cimene lero cichedwa Roma. Ku Morija kunayamba kusindikizidwa nyuzi ya mpingo m'cinenero ca anthu, Leselinyana la Lesotho, m'caka ca 1863.

Malamulo ace atatu olembedwa asonyeza kumene anaona kuti ndeu zimera. La 1854 linaletsa kulowetsa kacasu wa Azungu m'dziko. La 1855 linaletsa kupha munthu pomnenera ufiti, monga anamlangiza Mohlomi. Ndipo ife amene makolo athu anatha ndi mwabvi tidziwa kulemera kwa lamulo lotere. La 1859 linati wamalonda amange sitolo ndi cilolezo, koma nthaka sigulidwa.

Mayesero akuru anadza ndi Azungu. Kuyambira 1836 Mabunu ocokera ku Cape anafika ndi ngolo zao m'zigwa za mtsinje wa Caledon. Moshoeshoe anawalola kudyetsa ziweto monga alendo opita. Iwo anayesa kuti malowo akhala ao. Malire analembedwa ndi kulembedwanso, ndipo nthawi zonse dziko la Basotho linacepa. Kuba ng'ombe kunacuruka mbali zonse ziwiri. M'mwezi wa December 1852 Bwanamkubwa wa ku Cape, Sir George Cathcart, anafika ndi asilikari oposa 2,000, nalamula kuti Basotho alipe ng'ombe 10,000 ndi akavalo 1,000 m'masiku atatu. Mfumu inaoloka Caledon madzi atadzala, nikaonana naye, nipempha masiku ena. Inamuuza kuti mtendere ufanana ndi mvula yomeretsa msipu, ndi nkhondo ifanana ndi mphepo youmitsa. Inamcenjezanso kuti garu pomenyedwa aonetsa mano. Inasonkhanitsa ng'ombe 3,500, koma Cathcart sanakhute nazo.

Pa 20 December anamenyana pa phiri la Berea. Angerezi anagwira ng'ombe zina, koma apakavalo a Basotho zikwi zambiri anawapanikiza kufikira mdima, ndipo asilikari 38 a Cathcart anafa. Anyamata a pa Thaba Bosiu anakondwa, nafuna kutsiriza nchitoyo m'mawa mwace. Mfumu yokalambayo inaona patali kuposa iwo. Inadziwa kuti kuseri kwa gulu ili kuli magulu ena osawerengeka kutsidya kwa nyanja, ndi kuti mkuru wa nkhondo wocititsidwa manyazi sangathe kubwerera kwao. Pakati pa usiku womwewo inalembetsa kalata. M'kalatamo sinachule konse kupambana kwa Basotho. Inati Bwanamkubwa wamenya nkhondo, watenga ng'ombe, walanga. Tsono cikwanire comweco, ndipo iyo ipempha mtendere, niyesetsa kusunga anthu ace m'tsogolo. Cathcart analandira kalatayo ndi manja awiri, nalengeza kuti mlandu watha, nacoka ndi asilikari ace, ngakhale akapitao ace ena anang'ung'udza. Moshoeshoe analetsa anthu ace kuwatsata. Ng'ombe za Andebele zija ndi kalata uyu ndi nzeru imodzi. Koma pano inali yowawa koposa, pakuti wopambana anabvala cobvala ca wogonja, anyamata ace ali kupenya.

Tikadakonda kunena kuti nzeru imeneyi inampulumutsa m'zonse, koma mbiri sitilola. Angerezi anacoka m'caka ca 1854, nasiya dziko la Mabunu lochedwa Orange Free State, malire osakonzeka. Nkhondo inabuka m'caka ca 1858, ndipo Morija anatenthedwa. Inabukanso m'caka ca 1865, yoopsa koposa. Mabunu anayesa kukwera Thaba Bosiu, nalephera, ndipo mtsogoleri wao Louw Wepener anafera pa cipata; koma anatentha midzi ndi minda, nalanda ziweto, napitikitsa amishoni Acifalansa. Mfumu inali itakalamba, ana ace sanamverane, ndipo Molapo anapangana nao adani payekha. M'caka ca 1866 inabvomera pangano lotaya dziko lalikuru, kuti anthu apeze nthawi yokolola. Basotho alicha Mtendere wa Mapira. Nkhondo itayambanso, inapitiriza kulemba makalata kupempha Mfumukazi Victoria kuti afunditse dziko lace, monga inapempha zaka zambiri. Pa 12 March 1868 Bwanamkubwa Sir Philip Wodehouse analengeza kuti Basotho ali pansi pa citetezo ca Angerezi. Pangano la ku Aliwal North la 1869 linasiya minda yabwino ya kutsidya kwa Caledon m'manja mwa Mabunu, ndipo siinabwerenso. Cotsala cinali mapiri ndi kamzere ka zigwa. Koma anthu anatsala ndi mafumu ao, cinenero cao ndi nthaka yosagulidwa. Cifukwa ca ici dzikolo silinamezedwe ndi South Africa m'caka ca 1910, ndipo linalandira ufulu wace pa 4 October 1966.

M'miyezi yace yotsiriza Moshoeshoe anagona m'nyumba yace pamwamba pa phiri, wofoka thupi. Amishoni a ku Paris ndi ansembe a Ciroma onse anamcezera, yense ndi ciyembekezo ca kumbatiza, ndipo iye amene anayanjanitsa mapfuko ambiri anabvutika poona aphunzitsi ace osayanjana. Potsiriza anabvomera ubatizo kwa a ku Paris, abwenzi ace akale, ndipo tsiku linaikidwa, anthu naitanidwa. Anamwalira tsikulo lisanafike, pa 11 March 1870, ali ndi zaka ngati 84. Letsie, mwana uja anabvinidwa manda amoyo atayeretsedwa, analowa ufumu m'malo mwace. Basotho akumbuka tsiku la imfa yace caka ndi caka. Anamuika pamwamba pa Thaba Bosiu, ndipo manda ace ndi mulu wa miyala, pakati pa manda a mafumu amene anamtsata.